Okagona kutchire nyengo yozizira ino, longedzani za usiku osati zojambulitsa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani ya achinyamata athu a mu Lilongwe muno amene ayamba fasho yokwera mapiri ndi kukagona kutchire pa wikendi. Mukatsegula Facebook Lolemba m'mawa mupeza zithunzi mbwee, ena ali pa Nkhoma, ena pa Bunda, ena ku Dzalanyama, ena afika mpaka ku Dedza ndi ku Ntchisi, ndipo ine sindikudana nazo ayi, bola zimenezo kusiyana ndi kuthera Loweruka lonse pa mowa. Vuto langa lili pa zikwama zawo. Talowa nyengo yozizira tsopano, Juni ndi Julaye, koma zomwe ndimaona anthu akulongedza ndi katundu wa masana, wojambulitsa, pomwe chimene chimavuta kutchire ndi usiku, makamaka kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka dzuwa kutuluka.

Mauthenga oitanira anthu ku maulendowa amayenda m'magulupu a WhatsApp ndipo timawaona tonse. Amalemba mtengo wa thiransipoti, pokumanira, mtundu wa tisheti yoti onse avale, kuti kudzakhala kuotcha nyama ndi nyimbo, basi uthenga wathera pomwepo. Za chogonera olo mzere umodzi palibe. Ndiye mwana wa eni amene sanagonepo panja chibadwire amatenga kachikwama ka laputopu, kuikamo sipika, pafyumu, magalasi a dzuwa, kabulangete kopyapyala ka ndege kaja, ndi kumapita akuimba. Ndinaonako mtsikana wina pa ulendo wina wotere, cha m'ma 3 koloko usiku, atakhala pa mwala pafupi ndi moto wozima, atavala jinzi yomwe anakwera nayo phiri, mano akugundana moti samatha kumaliza chiganizo, manja atawapisa m'khwapa, pomwe okonza ulendowo anali mtulo m'matenti mwawo. Palibe amene anamuuza kanthu asananyamuke. Anapereka ndalama yonse imene anauzidwa.

Ambiri amayeza kuzizira ndi mmene amamvera ali m'nyumba ku Area 25 kapena ku Kawale zitseko zili zotseka. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa Juni ndi Julaye kuno kumatsika kufika madigiri 8 kapena 9, masiku ena kutsikirapo. Ukamakwera phiri kumanka kuzizirabe, madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse. Phiri la Dedza ndi lotalika mamita 2,198, ndiye werengani nokha, munthu wogona kumtunda kuja akhoza kukumana ndi digiri 1 kapena madigiri 2 usiku woti kumwamba kuli mbee kopanda mitambo, tisanawerengere mphepo. Komanso usiku wa nyengo ino ndi wautali. Dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, pofika 6 koloko kwada, kudzacha cha m'ma 6 m'mawa, maola 12 onsewo uli panja. Chimene chimapusitsa anthu ndi kadzuwa ka masana kaja, umakwera phiri ndi tisheti thukuta lili kamukamu nkumaganiza kuti amene amati kukuzizira ndi okokomeza.

Munthu akamva za kuzizira amathamangira bulangete, koma chisanu cha kutchire chimalowera pansi. Aliyense amene anachezerapo pamaliro mwezi wa Juni akudziwa zimenezi, azibambo ogona panja aja chimene amalimbirana kwambiri ndi katoni, saka, mphasa, chilichonse choti chikhale pakati pa nthiti ndi dothi. Dothi limakoka kutentha kwa thupi usiku wonse osatopa, ndipo mbali ya bulangete imene waigonera imaphwatalala ndi kulemera kwako, siigwiranso ntchito. Olo mutagula sleeping bag yodula bwanji, chofunda chonga thumba cholowamo pogona chija, mukangoiyala pa dothi lokhalokha mudzuka msana ndi chiuno zili zii. Ndiye choyamba kulowa m'chikwama chikhale choyala. Pepala lakuda la pulasitiki lija timaika pofolera nyumba za udzu, mamita 2 okha, limatchinga chinyezi cha pansi ndipo sililemera. Pamwamba pake pamafunika chokhuthala, kaya ndi kamatiresi kopinda ka siponji kaja, kaya makatoni awiri ophwasula, zonse zimagwira ntchito.

Koma njira imene ine ndimaikonda ndi ya masaka. Tengani masaka awiri opanda kanthu, a chimanga aja a makilogalamu 50, ngati ndi a feteleza muwachape bwinobwino ndi kuwayanika. M'chikwama satenga malo. Mukafika pamalo dzuwa likadalipo, mwetani udzu wouma, nyengo ino uli paliponse, ukutumuleni kaye kuti tizilombo tigwe, muuthyolethyole ndi kupakira m'masakamo pamodzi ndi masamba ouma, osathinitsa kwambiri, kenako mangani kukamwa ndi chingwe. Yalani masakawo motsatana, lina kumapewa lina kuchiuno mpaka m'maondo, kumapazi muikeko chikwama chanu chopanda katundu. Mukagonapo udzu uja umaphwa, ndiye pakirani wambiri woti olo mutaugonera ukhalebe wokhuthala kuposa zala zinayi. M'mawa mumakhuthula udzu, kupinda masaka, ulendo. Chenjerani ndi chitedze chokha pomweta, nyengo ino ndi pamene chauma, mukangochipakira m'sakamo palibe amene agone pamsasapo chifukwa cha kukuwa kwanu.

Pa zovala ndi pamene ndikufuna achinyamata andimvetse. Jinzi ndi tisheti za thonje zimamwa thukuta ndipo siziuma msanga, ndiye dzuwa likalowa nsalu yonyowa ija imayamba kukuziziritsa. Zovala zimene wayenda nazo si zogona nazo ayi. Pamafunika zina zouma zogonera zokha, buluku lofewa kaya ndi thirakisuti, malaya aatali manja, masokosi okhuthala ndi chipewa cha ulusi chophimba makutu, zonsezi uzimange m'jumbo yosabooka ndipo usazikhudze mpaka madzulo. Nthawi yosinthira ndi pamene wamaliza kumanga pogona ndi kutola nkhuni, dzuwa lisanalowe, usanayambe kumva kuzizira. Ukadikira kuti uyambe kunjenjemera kaye, thupi limavuta kulitenthetsanso.

Komanso juzi ziwiri zopyapyala zimaposa chijekete chimodzi chachikulu, chifukwa mpweya umene umakhala pakati pa zovalazo ndi umene umasunga kutentha, komanso ukatenthedwa umangovulako imodzi. Pamwamba pa zonse pakhale chotchinga mphepo, olo renikoti wamba. Zonsezi palibe chifukwa choitanitsira ku Joni kapena ku China, pitani ku Tsoka pa kaunjika, mufufuze juzi ya ubweya kapena ya fleece, nsalu yofewa yofunda ija, muipeza, ndipo ikakhala yosaoneka bwino mtengo wake umatsikanso, kutchire palibe amene akuyang'aneni usiku. Magolovesi otchipa aja amene a kabaza amavala m'mawa ndi okwanira. Azimayi musasiye chitenje, tengani ziwiri kumene, chimakhala sikafu, chimakhala chotchingira posintha zovala, chimakhala chopukutira, munthu akavulala mkono chimakhala chokolekera. Nsapato zikhale zoti mwaziyendera kale. Nsapato yatsopano yogula Lachisanu kuti ukaonekere pa phiri Loweruka imabweretsa matuza usanafike ndi pakati pomwe. Ndipo dziwani kuti majekete a nayiloni ofufuma aja sagwirizana ndi moto, kakhala kamodzi kakathetheka basi kabowo, ndiye pootha moto valani chakale pamwamba.

Tenti ndi yabwino kwa amene ali nayo, koma usiku umodzi wa Juni kapena Julaye mvula siikhala nkhawa kwenikweni kuno kuchigawo chapakati, zimene umathawa ndi mame, nkhungu ya m'mapiri ndi mphepo. Lona la mamita 3 mbali zonse ndi chingwe cha nayiloni mamita 15 kapena 20 zimakwana anthu awiri. Manga chingwe pakati pa mitengo iwiri, koleka lona, mbali imodzi ifike pansi ndithu upsinje ndi miyala, ndipo mbali yotsekayo iyang'ane kumene kukuchokera mphepo, nyengo ino kawirikawiri imachokera kum'mwera chakum'mawa, mwera uja asodzi amauopa kunyanja. Denga likhale lotsika. Anthu amakonda kumanga lalitali loti aziimiriramo, mphepo nkumangodutsa ngati palibe chilichonse. Neti ya udzudzu mutengebe, udzudzu umachepa nyengo yozizira koma sutha, ndipo neti imathandizanso ku tizilombo tina toyenda pansi. Amene muli ndi matenti otchipa a nsalu imodzi aja, siyani kampata kolowera mpweya, apo bii mpweya wanu womwe udzasanduka madontho mkati ndi kunyowetsa zofunda.

Apa ndinene motsindika, mbaula isalowe mu tenti. Makala akamayaka pamalo potseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo kapena mtundu, munthu umangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Timamva nkhani zotere za anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nyengo yozizira, nanga kuli bwanji mu katenti kozipa. Ngati mapazi akuzizira, thirani madzi otentha m'botolo lolimba lotseka bwino, mulilowetse mu sokosi, mugone nalo.

Malo ogona nawo amasankhidwa. Anthu a mtauni akaona dambo lathyathyathya pafupi ndi madzi amati apa ndiye pabwino, osadziwa kuti mpweya wozizira ndi wolemera ndipo usiku umatsetserekera kumalo otsika. Amene timalima madimba tikudziwa kuti chisanu chimawaula mbewu za kudambo kusiya za kumtunda. Pamwamba penipeni pa phiri naponso mphepo siipuma. Malo abwino ndi chapakati, potalikirako ndi mtsinje, pamene pali thanthwe kapena mitengo yotchinga. Yang'anani kumwamba ngati palibe nthambi youma yolendewera, yang'anani pansi ngati si njira ya linthumbu. Linthumbu likakupezani pakati pa usiku mumasamuka muli maliseche, akuluakulu ankawaza phulusa kuzungulira pogona ndipo ine ndimawazabe. Chinanso, ndipo ichi ana obadwira mtauni ambiri sachidziwa, m'midzi ya kuno kwa Achewa mukaona kankhalango kowirira bwino pafupi ndi mudzi pomwe kwina konse mitengo inatha, kawirikawiri amenewo ndi manda. Simugonamo, simutolamo nkhuni, simulowamo kukajambula, makamaka nyengo ino anthu atakolola pamene gule amatuluka pafupipafupi. Mukafika dera la eni yambani mwaonekera kwa a mfumu, munene kuti ndinu ndani ndipo mugona pati. Kamoni kameneko sikalemera m'chikwama koma ndi kamene kadzakuthandizeni zikavuta.

Moto ndi umene anyamata amadzitama nawo kwambiri, mpaka pamene machesi anyowa. Tengani mabokosi awiri a machesi, lina m'kabotolo kotseka ka mankhwala kaja, lina m'thumba la jekete, kuphatikizapo laita ndi kachidutswa ka kandulo. Osaika zonse malo amodzi, ndipo osadalira kuti mnzanu wosuta fodya uja ali nazo. Zoyatsira munyamule kuchokera kunyumba, zitsononkho zouma zingapo m'jumbo, kapena thonje lopaka Vaseline, chifukwa m'bandakucha udzu ndi timitengo tonse timakhala tanyowa ndi mame ndipo ndi nthawi imene tiyi amafunika kwambiri. Nkhuni zitoledwe kukuwala, zouma zogwa zokha, ndipo zabwino ndi nthambi zakufa zimene zakodwa m'mwamba chifukwa za pansi zimakhala ndi chinyezi ndi chiswe. Muziunjike mosiyanitsa, zazing'ono ngati machesi, za ngati chala, za ngati mkono, zina muvindikire ndi jumbo za m'mawa. Lambulani pansi masitepe awiri kuzungulira mpaka dothi lioneke. Mafuwa asakhale miyala ya mumtsinje, ili ndi madzi mkati ndipo ikatentha imaphulika, anthu avulalapo maso. Moto waung'ono woti ukhale nawo pafupi umafunditsa kuposa chimoto chachikulu choti aliyense akuchithawa ndipo nkhuni zatha 10 koloko isanakwane.

Tsopano nkhani ya zikwanje. Mavidiyo a bushcraft, luso lokhala kutchire, amene anyamata akuonera pa YouTube ambiri ndi a ku Canada, ku Sweden, ku America, kumene munthu amagwetsa timitengo makumi awiri kumanga kanyumba kogona usiku umodzi. Kuno zimenezo ayi. Nkhalango ya Dzalanyama inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1922, ndi mahekitala pafupifupi 99,000 kufika kumalire ndi Mozambique, ndipo ndi kumene mtsinje wa Lilongwe ukuchokera, womwe umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, madzi amene timamwa mu mzinda uno. Makala aiwononga kale nkhalangoyi mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015, ndipo njinga za makala zimene timakumana nazo m'mawa pa msewu wa Likuni tonse timaziona, ambirife ndife ogula ake. Ndiye ife ophunzira, obwera pa galimoto, tikafikenso ndi zikwanje kukadula mitengo yaiwisi chifukwa tinachita ulesi kunyamula lona? Chimodzimodzi luzi. Inde makolo athu ankasenda mombo kupeza luzi lomangira, ndipo ndi luso labwino kulidziwa, koma mtengo ukausenda kuzungulira umauma, pomwe chingwe cha nayiloni chili mbwee m'mahadiweya a ku Malangalanga. Kulongedza moperewera kumapangitsa kuti nkhalango ilipire zimene iwe unasiya kunyumba. Mpeni umodzi wakuthwa wa m'chimake aliyense, ndi chikwanje chimodzi gulu lonse chodulira nkhuni zouma ndi kumweta udzu, zakwana.

Ndipo nkhalango zotetezedwa zili ndi eni ake. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 ndi zilango zokhwimirapo, silikulola kungolowa ndi kudula kapena kuyatsa moto mmene wafunira. Funsani ku ofesi ya zankhalango musanapite, akuuzeni pamene mungagone ndi ngati moto ukuloledwa, ndipo mutenge munthu wa konkuko wodziwa njira mumulipire bwino. Kuyambira Julaye kunka mtsogolo udzu umakhala wauma gwaa, moto umodzi wosiyidwa ukufuka ukhoza kupsereza phiri lonse, kenako tizinamizira osaka mbewa. Ponyamuka thirani madzi, takasani phulusa, thiraninso, mugwire ndi dzanja. Ngati dzanja silikupirira ndiye kuti sunazime. Muikenso m'chikwama saka lachitatu la zinyalala, chifukwa mabotolo ndi mapepala a mabisiketi amene ali m'njira za mapiri athu pano sanabwere ndi anyani.

Madzi ndiye katundu wolemera kwambiri, lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo pa chifukwa chimenechi anthu amatenga ochepa. Kukazizira ludzu silimveka koma thupi limafunabe madzi. Ine ndingati malita 3 munthu mmodzi, kuphatikiza chigubu cha malita 5 cha mafuta ophikira chija, chotsuka bwino, chophikira anthu awiri kapena atatu. Timitsinje tina nyengo ino tayamba kuphwa ndiye musanyamuke ndi chikhulupiriro choti tikapeza komweko, funsani kaye. Mukawapeza, olo akuoneka oyera bwanji, awiritseni mpaka abwate kwa mphindi imodzi kapena muthire WaterGuard monga zalembedwera pa botolo. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Lilongwe anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, sitinaiwale. Podzithandiza pakhale kutali ndi mtsinje ndipo mukumbe ndi kukwirira, kasopo kakhale m'chikwama.

Zakudya sindichulukitsa. Ufa pang'ono, usipa kapena masoya pisi, tomato ndi anyezi, mchere, mafuta m'kabotolo, poto mmodzi ndi mthiko. Mbatata nyengo ino ndi yambiri, ukaikwirira m'phulusa lotentha madzulo umapeza kadzutsa wapsa. Mtedza wokazinga ndi chiponde ndi kamba wabwino wa m'njira. Masamba a tiyi ndi shuga asaiwalike. Chachikulu ndi kudya chotentha ndi chokhutitsa usanagone, chifukwa thupi limafunda ndi chakudya chimene lili nacho m'mimba, wogona ndi makirisipi ndi fanta adzuka pakati pa usiku. Za mowa ndikudziwa sindikondedwa nazo, koma ndinene. Kachasu kaya ndi mowa wa m'mabotolo wowawa uja umakupangitsa kumva kutentha chifukwa magazi amathamangira kukhungu, ndipo potero kutentha kwa mkati kumatuluka msanga. Woledzera samvanso kuti wazizidwa, amagona pamene wagwera, zofunda zili uko. Imwani mukabwerako.

Kathumba ka mankhwala kasakhale kongoonetsa. Mapulasitala a matuza, bandeji, Panado, mapaketi a Thanzi ORS, sipiriti kapena mankhwala otsukira bala. Amene muli pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, ma ARV, tengani a masiku awiri osati a tsiku limodzi, galimoto imafa. A mphumu kuzizira ndi utsi wa moto zimayambitsa, ndiye kopopera kanu kakhale m'thumba la malaya osati pansi pa chikwama, ndipo mnzanu mmodzi adziwe pamene kali. Njoka nyengo ino siziyendayenda kwambiri koma mphiri siithawa munthu, imangogona panjira kapena pansi pa chipika chimene ukufuna kunyamula, ndiye tembenuza nkhuni ndi ndodo kaye. Wina akalumidwa osatema pabala, osayamwa, osamanga chingwe chothina, muvuleni mphete ndi wotchi, mwendo kapena mkonowo usagwedezeke, mumunyamule kupita kuchipatala. M'mawa gugudani nsapato musanavale, chinkhanira chimakonda mofunda. Komanso dziwani zizindikiro za munthu amene kuzizira kwamulowa mkati, kutentha kwa thupi kukatsika pansi pa madigiri 35: kunjenjemera kosaleka, kuyankhula ngati woledzera, kupunthwa, kusokonezeka mutu. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira ndi wosokonezeka ndiye zafika poipa, osati wachira. Muvuleni zonyowa, mumuike pa choyala, mumufunditse mpaka kumutu, ngati ali maso ndipo akumeza bwino mumpatse tiyi wa shuga, ndipo yambani kuganiza zotsika naye.

Tochi ikhale tochi yeniyeni, bola yovala kumutu kuti manja agwire ntchito, ndi mabatire apadera. Foni si tochi. Batire ya foni imatha msanga kukazizira, worse ikamasakasaka netiweki kumalo koti kulibe, ndiye izimitseni mugone nayo m'thumba la mkati. Kawezulo ka mpira kaja kamamveka patali kuposa mawu a munthu wotopa. Tengani ndalama zogwirika zing'onozing'ono chifukwa wa kabaza wa kumudzi sadikira kuti netiweki ibwere. Ndipo kunyumba musiye uthenga womveka, tapita phiri lakuti, tili ndi akutiakuti, tikapanda kufika pofika 4 koloko Lamulungu muyambe kutifuna. Si zoti "ndapita kokayenda" basi.

Kalongedzedwe kake, yambani ndi kuika jumbo yaikulu mkati mwa chikwama kuti zonse zikhale mouma. Pansi zofunda ndi zovala zogonera chifukwa sizifunika mpaka madzulo. Zolemera, madzi, ufa, poto, zikhale pakati mogundana ndi msana kuti chikwama chisakukokereni kumbuyo. Pamwamba juzi, renikoti, mankhwala, tochi ndi kamba. Lona ndi choyala mumangirire kunja. Oyenda m'mapiri ambiri amati katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lako, ndiye wa makilogalamu 60 asapyole 12, ndipo mukaika madzi, zofunda ndi chakudya muona nokha kuti malo a sipika palibe. Zogawana monga poto, chikwanje, lona ndi chigubu gawanani musanachoke mtauni, osati aliyense kubwera ndi anyezi koma mchere palibe. Mukamaliza berekani chikwamacho muyende nacho kuchokera kunyumba mpaka kumsika ndi kubwerera, chimene chikukupwetekani paphewa chidziwike muli pafupi ndi kwanu. Amene mukufunadi kudziwa ngati zofunda zanu zikukwana, gonani nazo pakhonde usiku umodzi sabata imeneyo, oyandikana nawo aziseka koma mudziwa zoona zake chitseko chili pafupi.

Kwa inu okonza maulendowa, makamaka amene mumalandira ndalama, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lembani mndandanda wa zonyamula mu uthenga womwewo umene mumalembamo nambala yotumizira ndalama, munene kuti kukazizira bwanji, ndipo onani zimene a nthambi yoona zanyengo alengeza sabata imeneyo. Pokumanira paja, anthu asanakwere minibasi, tsegulitsani zikwama. Amene alibe choyala, zovala zouma zogonera ndi madzi, mudikireni athamangire kumsika kapena abwerere, adzapita ulendo wina. Nyamulani bulangete limodzi kapena awiri apadera, ndipo mmodzi wa inu adzuke pakati pa usiku ndi tochi kuzungulira kuona ngati aliyense ali bwino.

Nanunso a Mkonzi, mukamasindikiza zithunzi zokongola za anthu ali pamwamba pa phiri pa tsamba lanu la zokopa alendo, muziikako kabokosi kakang'ono pambali konena zoyenera kunyamula, komwe munthu angapemphe chilolezo, ndi mmene kukuzizirira usiku ku Dedza, ku Ntchisi ndi ku Dzalanyama mwezi umenewo. Mutumeko mtolankhani wanu mmodzi akagone nawo kumeneko mwezi wa Julaye uno adzatilembere zimene waona, koma mumugulire kaye masaka awiri.

Ine wanu,
Wokonda mapiri,
Area 25, Lilongwe